Basi ya a Aukuso Imaima Paliponse

Achimwene anga a Aukuso akhala akuyendetsa basi ya kumudzi kwathu kupita kudoko la Salelologa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo m'zaka zonsezo sanafikepo pa nthawi yake ngakhale tsiku limodzi. Ndikunena ine Eseta, mlongo wawo wa bere limodzi, ndiye musati ndikuwanamizira. Basi yawo ndi yamatabwa ija, yopaka utoto wobiriwira ndi wofiira, imene nyimbo zake zimafika iyo isanaoneke. Imaima wina akafuna kugula buledi, imaima wina akaiwala dengu kunyumba, imaimanso eniakewo akaona mnzawo wakale akusoka ukonde m'mbali mwa msewu. Mukadandaula kuti sitima yapamadzi yopita kuchilumba cha Upolu ikusiyani, amakuyang'anani pagalasi n'kuseka mpaka mimba yonse kugwedezeka.

"Mawa kulinso sitima, mayi. Nyanja sinasamuke."

Tili ana sanali munthu woseka chonchi, ayi ndithu. Anali ndi chibwibwi, ndipo mawu akawakanirira pakhosi ankangoona mdima. Ankaswa mbale, kumenyetsa mutu kunsanamira, kuthawira kumunda wa talo, mbewu yathu yonga chilazi, mpaka dzuwa kupendeka. Bambo athu ankadziwa mankhwala amodzi okha, lamba. Atakula anapita ku New Zealand kukathyola maapozi. Akuti kumeneko analira ndi kuzizira miyezi itatu, koma anabwerako atanenepa, atafatsa, ali ndi laisensi m'thumba. Chimene chinawafatsitsa sanandiuzepo. Anakwatira mkazi wamtali kuwaposa n'kubereka anyamata asanu amene sadziwa n'komwe kuti mantha n'chiyani. Mwana wamantha anadzabadwira kwa ine.

Siniva wanga anali ndi zaka zisanu ndi zitatu chaka chimene ndikunenachi. Mwana wanzeru, woonda, wamaso aakulu, koma abale inu, mtima wake unali ngati nkhuku yogona panja. M'mawa uliwonse m'mimba munkamupweteka. Akalakwitsa chilembo chimodzi m'kope, ankang'amba tsamba lonse. Munthu akamuyang'anitsitsa ankauma gwa, kenako kukuwa, kuponya chilichonse chili pafupi. Nyumba zathu zilibe makoma, ndiye Siniva akakuwa mudzi wonse unkasiya kudya n'kutchera khutu. Ine nanenso ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Iye akakuwa, ine ndinkakuwa kumuposa, kenako tsache.

Chimene chinatigwetsa m'mavuto ndi Lamulungu la Ana. Mu Okutobala, ana onse atavala zoyera mbee, aliyense amaima kutsogolo kwa mpingo n'kunena vesi lake loloweza. Chaka chapitacho Siniva anaima, anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Mwana wina anaseka. Basi Siniva anakuwa, n'kuthothola nkhata ya maluwa kumutu kwake, kuiponyera abusa pachifuwa, n'kudzigwetsa pansi. Anachita kumunyamula ndi bambo ake, a Kelemete, miyendo ili m'mwamba. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Nkhani inawoloka nyanja n'kukafika mumzinda wa Apia, ku Upolu, kwa alamu anga a Apaula, mlongo wamkulu wa amuna anga, mphunzitsi wopuma pantchito amene ana ake akale amanjenjemerabe akakumana naye pamsika. Anaimba foni.

"Alamu, mwanayo mukumuwononga. Chaka chamawa ndibwera ndekha ndidzaone. Akadzachitanso zomwezo, ndidzamutenga azikakhala ndi ine mpaka awongoke."

Mawu a mlongo wa mwamuna sabwezedwa. A Kelemete, munthu woti amanyamula nkhumba yamoyo paphewa, akamva mawu a alongo awo amangoyang'ana pamkeka. Ndiye zinali choncho: vesi la mizere inayi likalephereka, mwana wanga mmodzi yekhayo akwera sitima. Siniva ankadziwa, poti m'nyumba yopanda makoma mulibe chinsinsi, ndipo kudziwako kunangowonjezera moto.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Seputembala ndinkamuloweza vesilo pakhomo. Anaphonya mawu amodzi pamzere wachitatu.

"Bwerezanso! Kodi mutuwo uli ndi chiyani, kokonati? Ukufuna kupita ku Apia eti?"

Anang'amba pepala, n'kumenya beseni ndi phazi, zovala zonse zochapa kale khuthu pamchenga. Ndinatola tsache. Nthawi yomweyo basi inaima pamsewu, a Aukuso akutsika ndi thumba la mpunga limene ndinawatuma.

"Chemwali, tsachelo ndi losesera," anatero.

"Achimwene, ana anu asanu aja akukusowani. Wanga musiyeni."

Anauza anthu a m'basi kuti awongoleko miyendo, n'kupita kukakhala pamwala pafupi ndi pamene Siniva ankagubuduka. Sanamugwire, sanamufunse kuti chavuta n'chiyani, sanamuyang'ane n'komwe. Anangoyang'ana kunyanja akudya nthochi zanga zimene ndinasungira alendo. Anadya zinayi. Kukuwa kunasanduka kulira, kulira kunasanduka kusisima, kenako Siniva anadzuka n'kukhala, mchenga uli mbuu m'tsitsi.

"Adona," anatero a Aukuso akuyang'anabe kunyanja, "injini yanga ikatentha pa chitunda, ndikaitukwana imazizira?"

Siniva anapukusa mutu.

"Ndikaimenya?"

"Ayi."

"Ndimaima. Ndimatsegula boneti, mphepo iwombe. Ikazizira ndimapitiriza ulendo."

"Ine si basi, amalume."

"N'zoona. Basi yanga siituluka mamina chonchi."

Anafuna kuseka koma anadzigwira. A Aukuso anapisa m'thumba n'kutulutsa kandalama kachitsulo, konga kamene tonse timagogodera pazenera tikafuna kutsika.

"Loweruka ukwere nane. Ukamva kutentha kukubwera, gogoda. Ndiima paliponse. Utsike, upume, ukazizira ukwerenso. Palibe akufunse kanthu."

Ine ndinangoti, "Asa! Zamasewera." Koma Loweruka ndinali ndi ulendo wokagula nsalu yoyera, ndiye tinakwera tonse.

Basi inadzaza thithithi monga mwa masiku onse, akuluakulu kutsogolo, achinyamata kumbuyo atanyamulana pamiyendo, madengu a talo ndi mikoko ya nthochi pakati. Siniva ankadana kwambiri ndi kukhala pamiyendo ya munthu wachilendo, ndiye amalume ake anamuikira kabokosi kumbuyo kwa mpando wawo. Tisanapite patali mayi wina anamufunsa kuti, "Si iwe unagenda abusa ndi maluwa?" Ndinaona makutu a mwana wanga akufiira. Kenako go, go, go pazenera.

Basi inaima pakati pa miyala yakuda, popanda nyumba ngakhale imodzi.

"Akutsika ndani pathengo pano?" Awa anali mayi Pepetua, ogulitsa nsomba, amene mawu awo amamveka ngakhale injini ikulira.

"Wina akutsika," anatero a Aukuso.

Siniva anatsika, n'kuima chofulatira basi, akuuzira mpweya m'manja ngati munthu wozizitsa tiyi, monga anamuuzira amalume ake. Anthu onse maso pazenera. Ine manyazi anandigwira, ndinabisa nkhope m'chikwama. Patapita kanthawi anakweranso.

"Kunali pati?" anafunsa a Aukuso.

"Pakhosi."

"Chabwino. Tiyeni."

Sanamuyamikire, sanamudzudzule, anangoponda moto. Tsiku limenelo Siniva anagogoda kasanu ndi kawiri tisanafike ku Salelologa. Pofika kachisanu mayi Pepetua anali atafika nazo pakhosi.

"Iwe Aukuso, nsomba zanga zikuwola!"

"Zinawola dzulo, mayi, tonse tikuzimva."

"Mwana wa galu iwe! Bwenzi ukuyendetsa wilibala, osati basi."

"Wilibala simungakwanemo, mayi."

Basi yonse inafa ndi phwete, ndipo ndinaona mapewa a Siniva akugwedezeka, akuseka chobisa. Anthu awiri anaphonya sitima tsiku limenelo. A Aukuso anawagulira mabanzi a nyama ya nkhumba pamsika, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka lachiwiri Siniva anagogoda kanayi. Amalume ake anayamba kumufunsa malo a kutenthako asanagogode: m'mimba, m'manja, kapena pakhosi? Akuti kukakhala m'mimba kumakhala kukadali kutali, munthu ukhoza kupuma uli chikhalire. Kenako anamuuza kuti anene vesi lija akuyang'ana kutsogolo kumsewu, wailesi ili pamwamba, moti palibe amene ankamva koma iwo okha. Loweruka lililonse ankatsitsa wailesi pang'ono osamuuza. Pofika Loweruka lachinayi wailesi inali itazima, ndipo Siniva atakodwa pamzere wachitatu uja, mawu anachokera kumbuyo.

"Si choncho, mwanawe, wadumpha mawu!" Anali mayi Pepetua. Ananena mzere wonse, achinyamata a kumbuyo n'kumalizira wachinayi. Basi yonse inali italoweza vesi la mwana wanga.

Ndinadikira kuti akuwe. Siniva anagwira kandalama kake, anakayang'ana, anapuma katatu, n'kubwereza mzerewo bwinobwino.

Tsiku lomwelo pobwerera, wina anagogoda kumbuyo. Anatsika chimnyamata chosewera ragibi, khosi ngati tsinde la mtengo. Anaima chofulatira basi, akuuzira m'manja, kenako n'kukweranso.

"Nanga iwe?" anafunsa mayi Pepetua.

"Ndakumbukira zimene anandinena apongozi anga m'mawa."

"Kunali pati?" anafunsa Siniva ndi kamawu kakang'ono.

"M'zibakera, mlongo wanga."

Kunyumba ndiye kunali kovuta, osati kwa mwana, koma kwa ine. Siniva ankagogoda pansanamira, ndipo lamulo la a Aukuso linali lakuti akagogoda, ine nditseke pakamwa mpaka abwere yekha kuchokera pansi pa mtengo wa mango. Kutseka pakamwa ine! Mawu ankandiyabwa mpaka m'makutu. Tsiku lina ndinalephera, ndinamutsatira kumtengoko ndikulalata, ndipo zonse zinathera m'kukuwa ngati kale. Nditawadandaulira achimwene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wofunika kandalama ndi iweyo, chemwali."

Sindinawalankhule masiku atatu. Koma ndinayamba kumapita kukapala kokonati kuseri mwana akagogoda, ndipo mwezi umenewo tinadya zamkaka wa kokonati mpaka kutopa nazo.

A Apaula anafika Lachisanu, ndi chikwama chimodzi ndi ambulera. Anayang'ana zikhadabo za Siniva, anayang'ana m'mapoto mwanga. Loweruka madzulo anandiuza kuti ndilongedze zovala za mwana, kuti zikavuta tisadzataye nthawi. Ndinalongedza misozi ikugwera m'chikwamamo.

Lamulungu kunacha bwino. Diresi ndinasoka ndekha, ya zingwe zamaluwa pakhosi, yokongola moti akazi anzanga anachita kuitembenuza kuona msoko. Tinafika pamasitepe a tchalitchi, ana akufola pamzere, belu likulira. Siniva anasisita m'mbali mwa diresi, kumanja, kumanzere, n'kundiyang'ana.

"Amayi, mulibe thumba."

Mayo ine! Ndinasoka zingwe, ndinasoka mabatani a ngale, koma thumba ndinaiwala. Kandalama kanatsala kunyumba, m'siketi ya dzulo. Ndinayamba kufufuza m'chikwama changa, koma aphunzitsi a Sande sukulu anali atamukoka kale dzanja, mzere ukulowa.

Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mazenera. Ine ndinakhala pakati pa a Apaula ndi mayi Pepetua, thukuta lili kamukamu. A Aukuso anali kumbuyo, mbali ya abambo, atavala jekete imene inawathina kuyambira tsiku la ukwati wawo. Ana ananena mavesi awo mmodzimmodzi, ena mokuwa, ena momeza mawu, makolo akumwetulira. Kenako Siniva anaima kutsogolo.

Ananena mzere woyamba. Ananena wachiwiri. Pa wachitatu anakweza maso n'kuona azakhali ake, ndipo mawu anathera pomwepo.

M'tchalitchi munangoti zii. Ndinaona manja ake akufumbata, khosi likuuma, makutu akufiira, zonse monga chaka chatha. Dzanja lake linakwera kunkhata ya maluwa. Ndinatseka maso. Nditatsegula, dzanja lija linali litatsika, ndipo Siniva anali akuyenda pakati pa mipando, pang'onopang'ono, mutu uli chilili, mpaka anatuluka pakhomo.

A Apaula anapumira m'mwamba. Ine ndinadzuka kuti ndimuthamangire, koma mayi Pepetua anandikoka siketi mwamphamvu moti ndinagwera pabenchi.

"Khala pansi iwe. Mwana watsika chabe."

Abusa anakhosomola n'kuitana mwana wotsatira. Ananena ana asanu ndi mmodzi, ine osamva ngakhale liwu limodzi. Ndinkangoona sitima, ndi mwana wanga ataima pamwamba pake. Nditacheuka ndinaona a Aukuso atakhala phee, manja pamimba, akuyang'ana kudenga ngati munthu wodikira kuti wina agule buledi. Ndinawakwiyira kwambiri nthawi imeneyo, ndinati m'mtima, munthu uyu wanditayitsa mwana ndi masewera ake.

Mwana womaliza atakhala pansi, abusa anatsegula buku la nyimbo. Pamenepo kumbuyo kunamveka timapazi. Siniva analowa, anadutsanso pakati pa mipando yonse ija, maso onse ali pa iye, n'kukaima pamalo ake.

"Pepani abusa, ndinali ndisanamalize."

Abusa anatseka buku. Siniva anayambira pachiyambi. Mawu ankanjenjemera, ndipo anathamanga nawo ngati akuthawa galu, koma anawoloka mzere wachitatu, n'kufika kumapeto osasiya kanthu. M'tchalitchi sitiwomba m'manja, koma mayi Pepetua anati "Ameni!" mokweza moti khanda lina linadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndipo anthu onse a m'basi ija anayankha "Ameni" mbali zonse ziwiri. Kumbuyo ndinamva wina akumina ngati lipenga. Anali achimwene anga, jekete itang'ambika kukhwapa.

Tsiku limenelo ana ndi amene amayamba kudya, akulu n'kumawatumikira. Tinayala mikeka, tinafukula nkhumba ndi talo zimene tinawotcha pamiyala yamoto, ayisikilimu akudikira m'chidebe. Ine ndinali ndikuuluka ndi chimwemwe mpaka a Apaula atandipeza kukhitchini.

"Wamaliza, inde. Koma anatuluka pakati pa mapemphero, mpingo wonse ukuona. Zimenezo kwathu ku Apia kulibe. Chikwama chija chisamasulidwe."

Ndinayang'ana a Kelemete. Anali akuyang'ana pamkeka.

A Apaula ananyamula mbale, poti mwambo suona kuti uyu ndi mphunzitsi, n'kukagwada patsogolo pa Siniva, akumuingitsira ntchentche ndi chokupizira. Ndinali pafupi ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndiye ndinamva zonse.

"Azakhali."

"Idya, mwana."

"Pakhosi panga pakutentha. Ndikufuna kunena chinthu koma ndikuopa."

Chokupizira chinaima. "Nena."

"Sindikufuna kupita ku Apia. Ndimakukondani, koma ndikufuna kukhala ndi amayi, ngakhale amakalipa."

Sanakuwe. Misozi inkatsika, koma anawayang'ana azakhali ake m'maso. Pabanja pathu palibe amene anawauzapo a Apaula kuti ayi, ngakhale malemu amuna awo.

"Unatulukiranji m'tchalitchi muja?"

"Kuti ndisakuwe."

"Nanga unabwereranji? Palibe anakuitana."

"Vesi linali langa."

A Apaula anayambanso kukupiza. "Idya, ayisikilimu asungunuka," anatero. Sananenenso china tsiku lonselo, ngakhale Lolemba lake, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Lachiwiri m'mawa nyimbo zinamveka kumtunda, basi n'kudzaima pakhomo. Zikwama ziwiri zinali pansanamira, chachikulu cha a Apaula ndi chaching'ono cha Siniva. Mwana ndinamusambitsa, ndinamupesa, ndinamuveka nsapato, mtima wanga utasweka. Anaima pambali panga atagwira chala changa, osalira. A Aukuso sanaseke ndi munthu m'mawa umenewo, anatsitsa wailesi n'kumangoyang'ana chiwongolero.

A Apaula anatsanzika, anakwera, munthu wina n'kuwapatsa mpando wakutsogolo. A Kelemete anakweza chikwama chachikulu, kenako anabwerera n'kunyamula chaching'ono chija, akuyenda ngati apita kumaliro. Atafika nacho pakhomo la basi, a Apaula anawatchinga ndi ambulera.

"Chimenecho n'cha ndani?"

"N'cha Siniva, achemwali."

"Ine ndinabwera ndi chikwama chimodzi, ndibwerera ndi chimodzi. Kodi ukufuna kundisenzetsa katundu wa eni?" Kenako anasuzumira pazenera. "Siniva! Pa Khirisimasi ubwere ndi amayi ako mudzandione, sabata imodzi. Alamu, diresi inayo mudzasokere thumba."

A Kelemete anaima pamsewu atakumbatira kachikwama kaja ngati khanda, kukamwa kuli yasa. A Aukuso anakweza wailesi mpaka matabwa kunjenjemera, analiza hutala katatu nkhuku zonse n'kubalalika, basi n'kunyamuka. Ine ndinakhala pansi pamchenga pomwepo n'kuyamba kulira mokweza, mudzi wonse ukumva, ndipo sindinasamale. Siniva anavula nsapato zake, anadzakhala pambali panga, n'kudikira mpaka nditamaliza.